Wanchito Wosadziwa Kukana

Pali funso limene makolo athu sanabvutike nalo, koma ife a masiku ano sitingathe kulilambalala. Funsolo ndi ili: kodi munthu amene azolowera kulamulira cinthu cimene sicingathe kumkanira, asanduka munthu wotani? Kuyambira kale cinthu ciriconse cokhala ndi makutu cinalinso ndi mtima wacewace. Mwana, wanchito, mkamwini, ngakhale garu ndi ng'ombe ya pagoli, onsewa ankamva poitanidwa, koma tsiku lina ankatha kunyalanyaza, kung'ung'udza kapena kukana ndithu. Cinthu copanda mtima, monga khasu ndi nkhwangwa, cinalibenso makutu, ndipo wofuna kuti cimgwirire nchito anayenera kucigwira ndi manja ace, thukuta liri kamukamu. Tsopano kwafika zinthu za mtundu wacitatu, zokhala ndi makutu koma zopanda mtima, ndipo inu amene mwangoturuka m'sukulu mudzakhala nazo masiku onse a moyo wanu. Ndi bwino kuti tiziganizire zisanadzaze m'nyumba zathu.

Ndiyambe ndi kulongosola cimodzi ca izo, pakuti mlandu suweruzidwa mwini wace asanaoneke pabwalo. M'nyumba zina za anthu opeza bwino mu Lusaka ndi m'mizinda yina muli cipinda coonereramo kanema. Mtima wa cipindaco ndi bokosi limene Azungu alicha receiver, ndiko kunena kuti colandira. Nchito yace ndi kulandira mau ndi zithunzi kucokera ku wailesi, ku kanema kapena ku intaneti, kukuza mauwo, ndi kuwagawira masipika, amene kawirikawiri akhala 5 ozungulira cipinda ndi imodzi yaikuru yoturutsa mau ogunda ngati mphambe. Kale mwini wace ankanyamuka kukapotokola kacitsulo pa bokosipo. M'caka ca 1956 kampani ya Zenith ku America inayamba kugulitsa kacipangizo ka m'manja kosinthira kanema munthu ali cikhalire. Ndipo kucokera pamene kampani ya Amazon inaturutsa kabokosi kace komva mau kochedwa Echo m'caka ca 2014, ngakhale cala sicifunikanso. Munthu angochula dzina lakuti Alexa nanena kuti colandira ciyake, ciyaka. Akati mau akwere, akwera. Akati zikhale cete, nyumba yonse iri zii.

Wina adzati, "Nanga zimenezo zitikhudza bwanji ife a kuno ku Chinyunyu? Alendo a ku Lusaka aima pano pa mseu waukuru wa kum'mawa kudzaona madzi otentha oturuka pansi, nagula makala, nabwerera kwao. Mabokosi ao sabwera nao." Ndi zoona kuti m'midzi ya m'boma la Rufunsa nyumba yokhala ndi masipika 6 njosowa. Koma khutu lomwelo liri kale m'thumba la mnyamata ali yense amene ali ndi lamya ya makono, pakuti kuyambira 2011, pamene kampani ya Apple inaika Siri m'malamya ace, malamya ambiri amva mau ndi kucita cimene auzidwa. Ndiponso mbiri ya wailesi m'dziko muno itiphunzitsa kuti cinthu cimene lero ciri ca olemera okha sicicedwa kufika kumudzi.

Kuulutsa mau kunayamba mu Lusaka m'caka ca 1941, pa nthawi ya nkhondo, koma anthu akuda ambiri analibe pomvera. Bwana Harry Franklin, amene anali mkuru wa zofalitsa nkhani m'Boma la Northern Rhodesia, anafunafuna kampani yoti ipange wailesi yochipa, mpaka kampani ya mabatire ya Ever Ready ku England inabvomera. M'caka ca 1949 inafika wailesi imene inachuka ndi dzina lakuti Saucepan Special, cifukwa thupi lace linali sefuliya yopanda cogwirira, yopakidwa utoto wa mtundu wa thambo, ndi zibowo zace zochinga ndi kaukonde kuti tizirombo tisalowemo. Mtengo wace unali mapaundi 5, ndi batire lace masheleni 25, lokhala ngati maola 300. Sizinali ndalama zocepa, koma mphunzitsi, kalaliki ndi wobwera ku migodi anaigula, ndipo madzulo anansi ankasonkhana pakhomo pao.

Cimene ndifuna kuti tione pa wailesi imeneyo ndi cakuti inalibe makutu. Iyo inkalankhula, anthu namvera, ndipo wofuna nyimbo yace sakadatha kuilamulira. Panali pologalamu imene anthu anaikonda koposa, yochedwa Zimene Mwatifunsa. Munthu ankagula pepala ndi sitampu, ndipo ngati sadziwa kulemba ankapita kwa mwana wa sukulu namuuza mau. M'kalatamo ankalonjera oulutsa mau mwaulemu, nachula nyimbo imene aifuna, kapena ya Alick Nkhata ndi anzace, nachulanso abale amene afuna kuti aimvere pamodzi naye, wina ku Kitwe, wina ku Salisbury, wina ku Johannesburg. Kalata inkayenda masiku, mwini wace nadikira masabata, osadziwa ngati idzawerengedwa konse, pakuti makalata anali ocuruka kuposa nthawi. Tsiku limene dzina lace lamveka, cimwemwe cace cinkakhala ca mudzi wonse. Taonani dzina la pologalamuyo: zimene mwatifunsa. Anthu aja ankafunsa, ife tikuphunzira kulamulira, ndipo pakati pa mau awiriwa ndipo pagona nkhani yathu.

Cinenero cathu comwe cidziwa kusiyana kwace. M'Cinyanja muli mau olamulira ouma, monga "bwera", "tenga", "coka", koma munthu woleredwa bwino sawaturutsa ali osabvala. Aika "ta" kutsogolo nati "tabwera", aika "ko" kumbuyo nati "ndipatseko", kwa wamkuru aonjeza "ni", ndipo akamva ludzu pakhomo pa eni, asonkhanitsa zonsezi pamodzi nati, "Tandipatsaniko madzi, amai." Timau timeneti sitionjeza kanthu pa nchito yeniyeniyo, madzi ndi omwewo, cikho ndi comweco. Koma tinena cinthu cacikuru, ndico cakuti wopemphayo adziwa kuti winayo akadafuna akadakana. Ngakhale atate potuma mwana wao weniweni kukapala moto, amuitana pa dzina, nadikira kuti abvomere "Wawa" ndi kudzagwada, ndipo pamenepo ndipo amuuza nchito. Akafuna kutuma mwana wa mnansi, ayamba apempha kwa amace. Ndipo wotuma asenza ngongole. Mwana amene athamangitsidwa lero ndiye amene adzasungiridwa mkute mawa, ndi kufunidwira mankhwala akadwala. Munthu wotuma ana a eni koma wosawapatsa ngakhale cimanga cooca, mudzi wonse umdziwa, ndipo ana akamva mau ace abisala kuseri kwa nkhokwe.

Ufumu wa makolo nawonso unali womangika comweco. Mwa Acewa, mwa Asoli ndi mwa mitundu yina ya kuno, mfumu ya mudzi inalibe asilikari. Ikalamulira mwankhanza, anthu ankangodikira kuti akolole, nasamuka ndi mbumba yao kukamanga mudzi wina kutsidya la mtsinje, mfumu nitsala ndi mabwinja. Cifukwa cace mfumu yanzeru inkayamba yamva nduna zace, nilola kuti anthu aitsutse pabwalo. Akuru anati mutu ukakula sulewa nkhonya. Kumvera kwa anthu otere kunali kwa mtengo wapatali cifukwa anali ndi miyendo yocokera.

Kumvera kwa mtundu winawo, kopanda khomo loturukira, nakonso tikudziwa, ndipo sitikukumbukira mokondwa. Agogo a agogo athu ananyamula Azungu pa macila. Pa nkhondo ya 1914 mpaka 1918 zikwi za amuna a kuno ndi a ku Nyasaland anatengedwa kukasenza katundu wa asilikari, ambiri osabwerako. Ku Nyasaland kunali thangata, cimodzi ca zinthu zimene zinautsa John Chilembwe m'caka ca 1915. Zoipa zimene zinagwera olamulidwawo zalembedwa m'mabuku ambiri, koma zimene zinagwera olamulirawo sizichulidwa kawirikawiri. Mnyamata wa ku Ulaya amene kwao ankadzipukutira yekha nsapato, akakhala kuno zaka ziwiri alikupfuula "Boyi!" kwa nkhalamba ya imvi, ankabwerera kwao ali munthu wina. Sanabadwe woipa ai. Lilime lace linazolowera kuti likangogwedezeka cinthu cicitika, ndipo linaiwala kuti kumene mau akupita kuli munthu.

Tsono pano ndiyenera kupereka mpata kwa wonditsutsa, pakuti mlandu wace ngwamphamvu. Iye adzati, "Mwadzitsutsa nokha. Ngati kuipa kwa ukapolo ndi kwakuti munthu asandutsidwa cipangizo, ndiye kuti makina omva mau ndiwo mankhwala ace. Lamulirani citsulo, musiye anthu." Ganizo limeneli nlakale. Aristotle, wanzeru wa ku Greece amene anafa zaka 322 asanabadwe Kristu, ankateteza ukapolo, komabe m'buku lace la zandale anabvomera kuti zipangizo zikadatha kugwira nchito zokha pouzidwa, monga coombera nsaru cikadaomba cokha, ambuye sakadafunanso akapolo. Iye anazinena monga nthano yosatheka. Ife tikuziona ndi maso. Bambo amene kale ankadzutsa mwana pa mphasa kuti adzatsitse wailesi imene iri pafupi ndi mkono wace, tsopano adzapfuulira bokosi, mwana nagona tulo tace. Ndipo kwa wakhungu, kwa wopuwala manja, kwa nkhalamba yonjenjemera zala, ndi kwa mai amene sanapite ku sukulu, amene zilembo za pa kacipangizo azionera ngati mapazi a nkhuku pa dothi, kulamulira ndi mau ndi ufulu weniweni. Zonsezi ndizibvomera, ndipo sindiri pamodzi ndi anthu aja amene aona ulesi m'makina ali onse atsopano. Amene anena kuti kunyamuka kukapotokola wailesi kulimbitsa khalidwe, ayambe iwo kutseka cigayo ndi kugwira musi.

Nkhawa yanga siiri pa bokosi, limene silimva kuwawa ngakhale ulitukwane, ndiponso siiri pa miyendo. Iri pa lilime. Munthu ali ndi lilime limodzi. Limene lilankhula kwa bokosi madzulo ndi lomwelo lidzalankhula kwa mkazi, kwa mwana ndi kwa wanchito m'mawa. M'maofesi a Boma m'mene ndigwira nchito ndaona cinthu ici nthawi zambiri. Mnyamata wofatsa alowa nchito, apatsidwa tebulo ndi mesenjala woti azimtuma, ndipo pakutha pa caka aitana bambo wa msinkhu wa atate ace ndi kugogoda patebulo, osakweza n'komwe maso. Palibe tsiku limene anakhala pansi natsimikiza kuti akhale wamwano, anangozolowera. Koma mesenjalayo ali ndi nkhope, ndipo tsiku lina kuyang'ana kwace kokha kumcititsa mnyamatayo manyazi, kapena acedwa dala pa njira, mnyamatayo nazindikira cifukwa cace nabwerera m'mbuyo. Bokosi liribe nkhope, ndipo silicedwa dala. Ulilamulire mokalipa kapena mofatsa, usiku kapena usana, kakhumi kapena kazana, liyankha ndi mau amodzimodzi okoma. Mwana amene aphunzira kulankhula m'nyumba m'mene muli wina womvera nthawi zonse, wosatopa, wosanena konse kuti "tadikira, ndikudya", akula adziwa kuti mau ndi cingwe cokokera zinthu. M'mera mpoyamba.

Opanga makinawa anauona okha mlanduwu, makolo atadandaula. M'caka ca 2018 Amazon inaika m'kabokosi kace ka ana cizolowezi coyamikira mwana akanena mau opempha mwaulemu, ndipo Google inalengeza zonga zomwezo caka comweco. M'caka ca 2019 bungwe la UNESCO linaturutsa lipoti lodandaula kuti ambiri a anchito opanda thupi amenewa anapatsidwa maina ndi mau a akazi, ndipo ankayankha mofatsa ngakhale atanyozedwa, motero anali kuphunzitsa anyamata kuti mkazi ndiye woyenera kutumidwa ndi kupirira mwano. Ndiyamika kuti anacitapo kanthu, koma mankhwala a "conde" sandikhutiritsa. Kuthokoza si mwambo wa pakamwa cabe. Ponena "zikomo" tibvomera kuti talandira cimene mwini wace akadatha kutimana. Madzi otentha a pa Chinyunyu aturuka okha usana ndi usiku, ndipo sindinamve kuti wosamba pamenepo aombera madziwo m'manja; wofuna kuthokoza athokoza Mlengi wace. Mwana akaphunzitsidwa kuthokoza cinthu cimene sicikadatha kummana, aphunzira kuti "conde" ndi kiyi wotsekulira citseko, ndipo tsiku limene adzanena "conde" kwa munthu, munthuyo nakana, adzayesa kuti waberedwa. Ine ndiona kuti ndi bwino mwana auzidwe poyera kuti bokosi ndi khasu lokhala ndi makutu, alilamulire monga khasu, koma m'nyumbamo asasowe anthu omkaniza.

Tatsala ndi mbali yina ya funso lathu, imene ambiri saiganizira. Tanena za bokosi ngati kuti limvera mwini nyumba. Kodi ndi zoona? Tiyeni titsate mau aja kuyambira pamene aturuka pakamwa. Colandira cija kawirikawiri ciribe makutu ace. Cimene cimva ndi kabokosi kena kakang'ono, kamene kachera khutu usana ndi usiku kudikira dzina lace. Kakamva dzinalo, kajambula mau otsatira ndi kuwatumiza pa intaneti ku makompyuta a kampani. Popeza dziko la Zambia liribe gombe la nyanja yamcere, mauwo ayenda pa nthambo kupyola maiko oyandikana nafe kufikira ku nyumba zazikuru za makompyuta za kutali. Kumeneko asandutsidwa zilembo, tanthauzo lace lisankhidwa, ndipo lamulo libwerera, nthawi zambiri kudzera ku makompyuta a kampani yina imene inapanga colandiraco. Cimene cifika ku colandira si mau anu ai, koma timalemba tocepa touma. Mwacitsanzo, zolandira za Denon zikatumiziridwa zilembo PWON pa nthambo ya m'nyumba ziyaka, zikatumiziridwa MVUP zikweza mau. Ulendo wonsewu utha munthu asanameze malobvu kawiri, ndipo cifukwa ca liwiro limeneli mwini nyumba ayesa kuti bokosi lamumvera iye.

Koma wanchito amene, ukamtuma kukatunga madzi kuseri kwa nyumba, ayamba wathamangira kwa mbuye wina kutsidya la nyanja kukafunsa tanthauzo la mau ako, ndi wanchito wa yani? Intaneti ikaduka, kapena kampani ikasintha malamulo ace, kapena ikaleka kusamala mabokosi akale, mau a mwini nyumba asanduka mphepo. Ndiponso zimene zanenedwa sizifera m'njira. M'caka ca 2019 atolankhani a Bloomberg anaulula kuti Amazon inalemba anthu ambiri nchito, ena ku Costa Rica, ku India ndi ku Romania, yomvetsera zina za zojambulidwa m'nyumba za anthu ndi kuzilemba, kuti makina aphunzire kumva bwino; ndipo zina za izo zinajambulidwa mwangozi, eni ace asanaitane. Ndiye kuti kuseri kwa wanchito wopanda mtima uja kunali anthu a mtima, okhala pa mpando tsiku lonse alikumvera malamulo a alendo amene sadzawaona. Anchito aja amene Aristotle anati adzatha sanathe onse. Ena angosunthidwira kutali kumene maso athu safika, ndipo ngongole imene tikadawasenzera palibe aikumbukira.

Pamene Federation inali kukonzedwa, m'zaka za 1952 ndi 1953, mphekesera inafala m'dziko muno yakuti oulutsa mau a pa wailesi ya Lusaka ndi banyama, ogwira anthu usiku. Peter Fraenkel, amene anagwira nchito pa wailesiyo, anasimba za mantha amenewo m'buku lace lochedwa Wayaleshi, la 1959. Mphekeserayo inali yabodza, ndipo inazunza anthu osalakwa. Koma funso limene linabisala pansi pace silinali lopusa: mau awa alowa m'nyumba yanga, mwini wace ndani, ndipo afuna ciani kwa ine? Agogo anafunsa funsoli za sefuliya yopanda makutu; zidzukulu zao zilandira bokosi lokhala ndi makutu osafunsa kanthu. Walira mvula walira matope, koma wanzeru ayamba waona pamene matopewo adzayenda. Ndiyenera kuonjeza kuti njira yina iripo. Pali anthu a luso amene amanga zonsezi pa kakompyuta ka m'nyumba mwao, kotero kuti mau saturuka kunja kwa citseko, ndipo a gulu la Home Assistant anapatula caka ca 2023 ku nchito imeneyi. Njirayo ifuna khama ndi kuphunzira, ndipo ndingakondwe ena a inu amene mukonda za magetsi mutaitsata.

M'Uthenga wa Mateyu muli nkhani ya kenturiyo wa Aroma, munthu amene anadziwa bwino mphamvu ya mau, popeza asilikari ace ankapita ndi kubwera pa kunena kwace. Koma pofotokoza mphamvuyo anayamba ndi kubvomera kuti iye mwini ali pansi pa ulamuliro wa ena, ndipo cimene cinamfikitsa kwa Yesu cinali kudwala kwa mnyamata wace. Wolamulira anadza kudzapempha cifukwa ca wolamulidwa. Ndiyesa kuti zinthu ziwirizi ndizo zisunga wolamulira kuti asaole, kukumbukira kuti nayenso ali ndi womlamulira, ndi kusenza ngongole kwa amene amtuma. Bokosi licotsa zonse ziwiri pa nthawi imodzi. Libisa mbuye amene ali pamwamba pa mwini nyumba, ndipo silidwala kuti mwini nyumbayo alithamangire.

Ife a Cinyanja tinapatsidwa mpata umene a Cingerezi analibe, ndiwo nthawi, pakuti makinawa anacedwa kumva zinenero zathu. Amene anapangidwa ku Bell Laboratories m'caka ca 1952 ankamva manambala okha. A IBM a 1962 ankamva mau 16. Pamene Alexa anaphunzitsidwa Ciarabu m'caka ca 2021, anali atamva kale Cingerezi, Cijeremani, Cijapani, Cifalansa, Cihindi ndi zina zocepa, koma panalibe cinenero ca Abantu ngakhale cimodzi. Kwa zaka zonsezo mnyamata wa ku Chinyunyu wofuna kulamulira lamya yace ankasiya Cisoli ndi Cinyanja pakhomo, nalowa m'Cingerezi, ndipo lamya ikambwezera kuti siinamve, ankapinda lilime ngati Mzungu nayesanso kaciwiri ndi kacitatu. Pamenepo ndani anali kumvera mnzace?

Koma mpatawo ukutha. M'caka ca 2023 akatswiri a pa University of Zambia ndi anzao anaturutsa nkhokwe ya mau yochedwa Zambezi Voice, ya Cibemba, Cinyanja, Citonga ndi Cilozi, yophunzitsira makina. Mau ena anawerengedwa m'mabuku, ndi ena anatengedwa pa wailesi, kotero kuti mdzukulu wa sefuliya ija ndiye wakhala mphunzitsi wa bokosi. M'caka ca 2024 Google inalengeza kuti yaonjeza Cicewa pa zinenero zimene lamya imva pofufuza ndi polemba. Cisoli sicinali m'zinai zija, koma tsiku lace lidzafika.

Nchito yotere ifuna eni cinenero, ndipo sindikaika kuti ena a inu mudzaitanidwa kukajambulitsa mau anu, kapena kukalemba zimene bokosi lidzayankha m'Cinyanja. Pamenepo mudzakumana ndi mafunso ang'onoang'ono amene Mzungu wa ku kampani sangathe kukuyankhirani. Kodi bokosi liphunzitsidwe "tsitsa" yekha, kapena limvenso "tatsitsako", kuti agogo amene sanazolowere mau ouma asakakamizidwe kuwaphunzira ku ukalamba? Ine nditi limve zonse ziwiri. Nanga likaitanidwa liyankhe bwanji? Wina adzaona kuti cidzakhala cokoma ndi cogulitsa malonda kuti libvomere "Wawa" ndi mau a kamtsikana. Pa ici ndikupemphani kuti mukane. Mau amenewo ndi a munthu amene wasiya cimene anali kucita, nabwera ndi miyendo yace, nagwada mwa kufuna kwace. Bokosi likamva, liyatse kanyale kace kapena lilire kamodzi ngati belu la njinga. Kwa wakhungu ndi kwa nkhalamba kulira kumeneko nkokwanira kudziwa kuti mau afika.